Khoma long'ambika la ku Kazimierz Dolny

Tiwerenge: Yoswa 4:1-9, Aroma 11:17-24

Sabata ino tikukupemphani kuti mutiperekeze kumanda. Musadzidzimuke, sikunagwe zovuta ayi. Manda amene tikunenawa ali kutali, m'dziko la Poland, ndipo amene anagona m'menemo si a mtundu wathu kapena a mpingo wathu. Ndi manda a Ayuda a m'tauni yaing'ono yotchedwa Kazimierz Dolny. Tinawaona ndi maso athu, ndipo chichokereni kumeneko mtima wathu sunakhazikike, pakuti zimene tinaonazo zikukhudza mmene timawerengera Baibulo m'makomo mwathu ndi mmene timayankhulira paguwa.

Kazimierz Dolny ndi tauni ya anthu osakwana 4,000, ndipo ili m'mphepete mwa mtsinje wa Vistula, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Warsaw. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 inalemera ndi malonda a tirigu amene ankatsika pamtsinjewo kupita kudoko la Gdańsk, ndipo zina mwa nkhokwe zikuluzikulu za nthawi imeneyo zikadali chiimire. Masiku ano anthu amapitako kukapumula ndi kukaona nyumba zakale. Ayuda anayamba kukhala m'tauniyi m'zaka za m'ma 1400. Kumeneko anabadwira, anachita malonda, anakwatitsa ana awo ndi kuika maliro awo kwa mibadwo yambiri, kotero kuti pamene Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse inkayamba mu 1939, pafupifupi theka la anthu a m'tauniyi anali Ayuda. Sunagoge wawo, womangidwa m'zaka za m'ma 1700, ali pafupi ndi msika, pamtunda waufupi kuchokera kutchalitchi cha parishi. Anthu a zipembedzo ziwirizi ankakumana pamsika umodzi ndi kutunga madzi a m'tauni imodzi.

Kuchokera pamsikawo tinayenda pansi kwa nthawi yosakwana theka la ola, kutsata msewu wopita ku Opole Lubelskie, mpaka tinafika pamalo otchedwa Czerniawy. Pamenepa ndi pamene Ayuda anatsegula manda awo atsopano mu 1851. Chimene munthu amayamba kuona akafika si mizere ya ziliza monga tinkayembekezera. Amaona khoma lalitali, lomatidwa ndi zidutswa mazanamazana za miyala ya pamanda, yolembedwa m'Chihebri. Zidutswa zina zili ndi dzina lathunthu, zina theka la dzina, zina chilembo chimodzi chokha. Pakati pa khomalo pali mng'alu waukulu, wokhotakhota kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati mphezi inaling'amba.

Mbiri ya khomali ndi yowawa. Asilikali a Germany, pansi pa ulamuliro wa chipani cha Nazi, atalanda tauniyi anatenga nyumba ya ansembe achifransisko n'kuisandutsa likulu la apolisi awo achinsinsi otchedwa Gestapo. Kenaka anazula miyala ya pamanda a Ayuda n'kuiyala pansi pabwalo ndi m'tinjira, kuti nsapato zawo zisamaponde matope. Mayina a makolo a anthu anasanduka popondapo. Mu Malichi 1942 Ayuda a m'tauniyi anathamangitsidwira ku Opole Lubelskie, ndipo kuchokera kumeneko ambiri anakaphedwa kumisasa ya imfa monga Bełżec ndi Sobibór. Iwowa alibe manda n'komwe. M'dziko lonse la Poland munali Ayuda oposa 3 miliyoni nkhondo isanayambe, ndipo pafupifupi 3 miliyoni anaphedwa; ku Ulaya konse anaphedwa pafupifupi 6 miliyoni. Nkhondo itatha, sunagoge wa ku Kazimierz Dolny anakhala nyumba yoonetseramo kanema kwa zaka zambiri, popeza eni ake sanabwerenso.

M'zaka za m'ma 1980 miyala ija inatoleredwa m'malo mmene inayalidwa n'kubwezedwa ku Czerniawy. Koma panalibe amene akanadziwa kuti mwala uwu unali pamanda ati. Choncho anaimanga kukhala khoma, motsata pulani ya katswiri wa zomangamanga Tadeusz Augustynek, ndipo mng'alu uja anausiya dala, kuti ukumbutse aliyense kuti moyo wa anthu a m'tauniyi unang'ambika pakati.

Mng'aluwo ndi wokwanira kuti munthu adutsepo. Tinadutsa mmodzimmodzi, ndipo kuseri kwake tinapeza chitunda cha mitengo, mmene miyala ina yaimikidwa pamthunzi. Mmodzi wa ife anali atatenga kamera, koma kwa kanthawi manja ake analephera kuikweza. Chihebri sitichidziwa, komabe zithunzi zosemedwa pamiyalayo zinatiyankhula m'chinenero chimene tinaphunzira ku Sande Sukulu. Manja awiri otambasulidwa amasonyeza munthu wa banja la Aroni, la ansembe amene analamulidwa kudalitsa Aisraeli pa Numeri 6, dalitso lomwelo limene abusa athu amatitsanzika nalo potseka mapemphero. Mtsuko wa madzi umasonyeza Mlevi, amene ankasambitsa manja a wansembe. Makandulo amasonyeza mayi, pakuti mayi ndiye amayatsa nyali zolandirira Sabata madzulo a Lachisanu, ndipo kandulo yothyoka imanena za moyo umene wazima. Mabuku amasonyeza munthu wophunzira malamulo a Mulungu, mkango umakumbutsa fuko la Yuda, ndipo mtengo wothyoka umanena za munthu amene imfa yamudula. Pansi pa miyala yambiri pali zilembo zisanu zoimira pemphero lochokera pa mawu a Abigayeli kwa Davide pa 1 Samueli 25:29, lopempha kuti Mulungu asunge moyo wa womwalirayo pamodzi ndi amoyo.

Miyambo yawo ya pamanda nayonso siyachilendo kwenikweni kwa ife. Ayuda ali ndi gulu lotchedwa chevra kadisha, limene limasambitsa ndi kuika maliro, monga amachitira adzukulu kwathu kuno. Pochoka kumanda amasamba m'manja, monga ambiri a ife timachitira. Amuna amavala chipewa kapena kakuphimba kumutu polowa, ndipo pa Sabata salowako. M'malo mwa nkhata za maluwa amasiya kamwala pachiliza, kusonyeza kuti pafika munthu amene akukumbukira. Kwa iwo manda ndi a womwalirayo mpaka kalekale. Sayenera kufukulidwa kapena kulimidwa. Limodzi mwa mayina amene amatchula manda m'Chihebri limatanthauza nyumba ya moyo, chifukwa amayembekeza kuuka kwa akufa. Tsono inu amene mukudziwa mmene mudzi umanjenjemerera munthu akadula mtengo kumanda, ganizirani kukula kwa chipongwe cha kusandutsa chiliza cha gogo wa mnzako kukhala popondapo.

Maganizo athu ndi awa. Mkhristu akaima pamanda a Ayuda asaime ngati mlendo wongodzaona malo. Aime ngati munthu wangongole, ndiponso ngati mwana wamng'ono m'banja amene wafika pamanda a akuluakulu ake. Malo oyamba amene Abrahamu anagula m'dziko la malonjezo anali manda: phanga la Makipela, limene analipira masekeli 400 a siliva kwa Efroni Mhiti kuti aikemo Sara, monga timawerengera pa Genesis 23. Yakobo anaimika mwala pamanda a Rakele, ndipo liwu la Chihebri la mwala umenewo pa Genesis 35:20, matzevah, ndi lomwelo limene Ayuda amatchula nalo miyala ya pamanda mpaka lero. Ambuye wathu Yesu anabadwa kwa mayi wachiyuda, anadulidwa tsiku lachisanu ndi chitatu, ankapemphera m'sunagoge, ndipo atamwalira Yosefe wa ku Arimateya ndi Nikodemo anamuika m'manda motsata mwambo wa Ayuda, monga Yohane 19 akutiuza. Masalimo amene timaimba, Malamulo Khumi amene timaloweza, aneneri amene timawerenga pa Khirisimasi, zonsezi tinazilandira kuchokera m'manja mwawo. Ndiye chifukwa chake Paulo, pa Aroma 11, amatifanizira ife amitundu ndi nthambi ya mtengo wakutchire yomezanitsidwa pamtengo wa azitona wosamalidwa, natichenjeza kuti tisadzitame, popeza muzu ndiwo umatinyamula.

Nanga zinatheka bwanji kuti m'maiko odzaza ndi matchalitchi, ana a Abrahamu atengedwe masana dzuwa likuswa mtengo? Tiyenera kunena mwachilungamo kuti chiphunzitso cha Nazi sichinali Chikhristu. Chinali kupembedza mtundu ndi magazi, ndipo chinapha ansembe, abusa ndi anthu a ku Poland ochuluka zedi omwe sanali Ayuda. Ansembe achifransisko a ku Kazimierz Dolny nawonso analandidwa nyumba yawo. M'dziko la Poland, munthu wopezeka akubisa Myuda chilango chake chinali imfa, komabe alipo amene anatsegula zitseko zawo. Józef ndi Wiktoria Ulma a m'mudzi wa Markowa anaphedwa pa 24 Malichi 1944 pamodzi ndi ana awo onse ndi Ayuda asanu ndi atatu amene ankawabisa, ndipo Mpingo wa Katolika unawatchula odala pa 10 Sepitembala 2023. Anthu a ku Poland oposa 7,000 analemekezedwa ndi bungwe la Yad Vashem ku Yerusalemu chifukwa chopulumutsa Ayuda.

Koma chilungamo chomwecho chikutikakamiza kunenanso mbali inayo. Mbewu ya chidani inagwera m'munda umene Akhristu anali ataulima kwa zaka mazana ambiri ndi lilime lawo. Msonkhano waukulu wa mpingo wa ku Lateran mu 1215 unalamula kuti Ayuda azivala zowasiyanitsa ndi Akhristu. Martin Luther mu 1543 analemba buku lolimbikitsa kutentha masunagoge awo. M'matauni ambiri a ku Ulaya, sabata ya masautso a Ambuye inali nthawi imene Ayuda ankadzitsekera m'nyumba chifukwa cha mantha, popeza anthu ankatuluka m'tchalitchi atamva kuti Ayuda ndiwo anapha Mulungu. Ngakhale nkhondo itatha, pa 4 Julayi 1946, Ayuda 42 anaphedwa mumzinda wa Kielce chifukwa cha mphekesera yabodza yakuti anaba mwana wachikhristu. Palibe katolika kapena mpulotesitanti amene angaloze mnzake chala pankhaniyi. Munthu amene wakhala akumva kuyambira ali mwana kuti anansi ake ndi otembereredwa, tsiku limene anansiwo akukwezedwa m'ngolo amangosuzumira pazenera n'kutseka katani.

Tikuthokoza Mulungu kuti mipingo yambiri inalapa. Mu 1959 Papa Yohane XXIII anachotsa liwu lonyoza Ayuda m'pemphero la Lachisanu Loyera. Pa 28 Okutobala 1965 msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata chotchedwa Nostra Aetate, chimene chinaphunzitsa kuti mlandu wa imfa ya Khristu sungaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena pa Ayuda a masiku ano. Pa 13 Epulo 1986 Papa Yohane Paulo II, amene anakulira pamodzi ndi ana achiyuda m'tauni yaing'ono ya Wadowice ku Poland komweko, analowa m'sunagoge wamkulu wa ku Rome natchula Ayuda kuti abale athu aakulu. Mu 1994 mpingo waukulu wa Lutheran wa ku America unakana poyera zolemba za Luther zonyoza Ayuda. Mu Malichi 2000 Papa yemwe uja anasiya pemphero lopempha chikhululukiro pakhoma lakale la kachisi ku Yerusalemu.

Funso lathu ndi lakuti: kodi kulapa kumeneku kunafika m'makomo mwathu ndi m'mipingo yathu ya kumudzi? Tikuvomereza kuti ifenso tinakula tikumva dzina lakuti Ayuda likutchulidwa ngati dzina la adani. M'masewero a Lachisanu Loyera, ana opulupudza ndiwo ankapatsidwa mbali ya Ayuda, ndipo ankakuwa mwamphamvu kotero kuti tonse tinkabwerera kunyumba tili ndi mkwiyo. M'chinenero chathu dzina la Yudasi ndi dzina la Ayuda amamveka ngati pachibale, motero m'mutu mwa mwana zimasakanikirana mosavuta. Palibe amene anatikumbutsa kuti Petro, Yohane, Mariya wa Magadala ndi amayi amene anaima pansi pa mtanda analinso Ayuda, ndi kuti mpingo woyamba wa ku Yerusalemu unali wa Ayuda. Palibe amene anatifunsa chifukwa chake Chikhulupiriro cha Atumwi chimatchula dzina la Pontiyo Pilato, kazembe wachiroma, osatchula mtundu wa anthu. Atsogoleri ena a ku Yerusalemu anamupereka, asilikali a Roma anamukhomera, ophunzira ake anathawa. Ndipo chikhulupiriro chathu chimaphunzitsa kuti anafera machimo a anthu onse. Amene akufuna kudziwa amene anapachikitsa Yesu ayambe wadziyang'ana yekha.

Wina anganene kuti: nanga ife zikutikhudza bwanji? Poland ili kutali, ambiri a ife sitinaonepo Myuda, ndipo tili ndi maliro athu okwanira. N'zoona, ndipo sitikuti mwana wa kuno asenze mlandu wa Gestapo. Wina anganenenso za ndale za dziko la Israeli ndi masautso a anthu a ku Palestina. Imeneyo ndi nkhani yolemera, ndipo Akhristu ali ndi ufulu woweruza zochita za boma lililonse ndi muyeso wa chilungamo. Koma telala amene anaikidwa ku Czerniawy mu 1890 sanali nduna ya boma lililonse, ndipo kudzudzula boma sikutipatsa chilolezo chonyoza mtundu wonse. Chimene chikutikhudza ndi chizolowezi cha lilime. Mwana amene waphunzira m'nyumba ya Mulungu kuti mtundu wathunthu ungathe kukhala wotembereredwa, sadzasunga phunzirolo kwa Ayuda okha. Adzaligwiritsa ntchito pa anthu a chigawo china, a chinenero china, a chipembedzo china, ndi pa obwera. Ku Rwanda mu 1994 anthu obatizidwa anapha anzawo obatizidwa m'kati mwa matchalitchi monga cha ku Nyamata. Ku South Africa mu Meyi 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera, ndipo abale athu ambiri anabwerera kumudzi chimanjamanja. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono tichite chiyani? Tiyambe ndi pakhomo. Bambo ndi mayi, mukamawerenga Uthenga Wabwino wa Yohane ndi ana anu, mukafika pamene akutchula Ayuda otsutsana ndi Yesu, imani pang'ono, muwafotokozere kuti wolembayo anali Myuda, Yesu anali Myuda, ndipo mkanganowo unali wa m'banja limodzi. Abusa, ansembe, akatekisiti ndi aphunzitsi a Sande Sukulu, pokonza ulaliki ndi masewero a sabata ya masautso, samalani kuti anthu atuluke ali ndi chisoni cha machimo awo m'malo mwa mkwiyo pa mtundu wa ena. Amene Mulungu adzakupatseni mwayi woyenda m'maiko a ku Ulaya, funsani ngati m'tauni imene mwafikayo muli manda a Ayuda, chifukwa m'matauni ambiri alimo, ndipo ambiri alibe mbumba yowalambula. Pitani mwaulemu, amuna muphimbe kumutu, musaponde pamanda, musadyerepo, ndipo musaikepo mtanda kapena chizindikiro china cha chipembedzo chathu, pakuti malowo ndi a eni ake. Ndipo amene simudzafikako, yang'anani kufupi. M'madera mwathu muli manda a anthu obwera, amene anadzagwira ntchito n'kumwalira kutali ndi kwawo, opanda mdzukulu wowakumbukira. Kodi tikuwalambula, kapena khasu lathu likungowadya pang'onopang'ono chaka ndi chaka? Maliro n'kulirana, ndipo kulirana kwenikweni kumaoneka pamene womwalirayo alibe wodzatibwezera.

Tinaphunzirapo kanthu pa mng'alu uja. Amisiri akanatha kumanga khoma losalala, lokongola, loti alendo azijambulitsapo. Anasankha kusiya bala poonekera. Ife anthu timakonda kumata ming'alu: m'banja mukachitika choipa timati zapita zapita, mumpingo mukachitika chochititsa manyazi timati tisaipitse dzina la Ambuye. Koma kulapa kwa m'Baibulo kumatchula tchimo ndi dzina lake, monga anachitira Davide pamaso pa Natani. Ambuye wathu yemwe atauka kwa akufa sanabise zipsera za misomali. Anazionetsa kwa Tomasi. Ndipo ku Czerniawy palibe njira yoyenera kufikira kwa ogona kuseri kuja yoposa kudutsa pamng'alu pomwepo.

Yoswa analamula kuti miyala khumi ndi iwiri itengedwe mumtsinje wa Yordano n'kuimikidwa, kuti ana akadzafunsa tanthauzo lake, makolo adzakhale ndi chowayankha. Ana a anthu a ku Czerniawy amene akanafunsa funsolo anaphedwa mu 1942. Ndiye chifukwa chake ife, ngakhale tili a kutali, takufotokozerani, kuti nanunso mufotokozere ana anu. Tisanachoke, aliyense wa ife anatola kamwala m'mbali mwa njira n'kukaika pachiliza cha mayi wina amene dzina lake sitinathe kuliwerenga. Pachilizapo panali posemedwa makandulo. Mulungu wa Abrahamu, Isake ndi Yakobo, amene Yesu anaphunzitsa kuti ndi Mulungu wa amoyo, amalidziwa dzinalo.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, munatimezanitsa pamtengo umene sitinaubzale. Tikhululukireni pamene tadzitama pamaso pa muzu umene umatinyamula. Yeretsani malilime athu m'nyumba ndi paguwa, kuti ana athu asaphunzire kwa ife kudana ndi mtundu uliwonse wa anthu amene munawalenga. Tipatseni mtima wolemekeza akufa amene alibe wowalira, ndi kulimba mtima kwa amene anatsegula zitseko zawo panthawi yoopsa. M'dzina la Yesu Khristu, mwana wa Davide. Amen.